Shuga amayamba kuwononga thupi ludzu lisanayambe

Anthu ambiri odwala matenda a shuga amadziyeza ndi mmene akumvera m'thupi. Ludzu likatha, kukodza usiku kukachepa, amati shuga watsika, ena mpaka amasiya mankhwala. Koma thupi limayamba kudandaula mochedwa. Ludzu ndi kukodzakodza zimabwera shuga akadutsa pafupifupi 10 mmol/L, pamene maso, impso ndi minyewa zimayamba kuwonongeka pa manambala otsikirapo. Munthu akhoza kukhala zaka zambiri ali pa 8 kapena 9, akulima, akugona tulo tabwino, timitsempha ta m'maso mwake tikuchucha pang'onopang'ono.

Manambalawa amasokoneza chifukwa timakina toyezera shuga sitiwerenga mofanana. Tina timalemba mu mmol/L, tina mu mg/dL, ndipo posintha mumachulukitsa kapena kugawa ndi 18: amene kamakina kamuonetsa 126 ndi amene kamuonetsa 7.0 ali ndi shuga wofanana. Munthu wopanda matendawa akayezedwa m'mawa asanadye amapezeka pakati pa 4 ndi 5.5. Akapezeka ndi 7.0 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, atakhala maola 8 osadya, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse ali ndi zizindikiro, matendawa alipo. Kuyeza kwina, kotchedwa HbA1c, kumaona shuga amene wamatirira m'maselo ofiira a magazi. Maselowa amakhala masiku pafupifupi 120, motero nambala yake imasonyeza mmene shuga wakhalira miyezi 2 kapena 3 yapitayi, ndipo simungainamize pogona ndi njala usiku woti mawa mupita kukiliniki. Malire a matenda ndi 6.5%, ndipo odwala ambiri amalangizidwa kukhala pansi pa 7%. Kungoti kumene malungo ndi kuchepa kwa magazi zili zofala, HbA1c ikhoza kulakwa, makamaka kwa amene angomuika magazi kapena ali ndi matenda a sickle cell.

Kumene zizindikiro zimachokera

Impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 patsiku, n'kubwezera pafupifupi onse m'thupi pamodzi ndi shuga amene anatuluka nawo. Timachubu tomwe timabwezera shugayu tili ndi malire. Akachuluka kuposa 10, wotsalayo amapita mu mkodzo, ndipo popita amakoka madzi. N'chifukwa chake munthu amadzuka kanayi kapena kasanu usiku, kukamwa kuli gwa, akumwa madzi osatha ludzu. Kukodzako n'kumene kumabweretsa ludzu, choncho kumumana madzi munthu wotere kuti achepetse kukodza n'kumuika pangozi. Kuthetsa ludzulo ndi Fanta, Sobo kapena thobwa lothira shuga kumangokwezanso shuga, mkodzo n'kuwonjezeka, ludzu n'kukula. Kwa achikulire malire a impso amakwererapo komanso ludzu silimveka kwambiri, ndiye agogo akhoza kukhala pa 15 osadandaula kanthu.

Kuonda kumadabwitsa achibale chifukwa wodwala akudya kuposa kale. Insulini, homoni yothandiza shuga kulowa m'maselo, ikaperewera, shuga amangodzaza m'magazi osalowa bwino m'minofu, wina n'kutayika mu mkodzo, ndipo thupi limayamba kudya mafuta ake ndi mnofu wake womwe. Kwathu kuno munthu akaonda msanga, maganizo amathamangira ku HIV kapena TB. Kuyeza zimenezo n'koyenera, koma dontho limodzi la magazi a pachala liyenera kuyezedwanso tsiku lomwelo, chifukwa wodwala shuga amagwidwa TB mosavuta pafupifupi katatu kuposa anzake, ndipo matenda awiriwa amapezeka mwa munthu mmodzi kawirikawiri.

Kuona mwachimbuuzi pa nthawi imene shuga wakwera nthawi zambiri kumachokera ku kagalasi ka mkati mwa diso, komwe kamayamwa madzi n'kusintha kapangidwe. Zimachitikanso shuga akatsika msanga mutayamba mankhwala. Musagule mandala pa nthawiyi. Dikirani milungu ingapo shuga akhazikike, apo ayi mudzalipira magalasi omwe sadzakuthandizani mwezi wamawa. Zithupsa zobwerabwera, kuyabwa kumaliseche, khungu la kunsonga kwa chida cha abambo long'aluka, mabala osapola ndi nkhama zotupa zimachokera kumodzi: tizilombo timakula bwino pamene pali shuga, ndipo maselo oyera a magazi amagwira ntchito mwaulesi shuga akakwera.

Ngozi za maola ochepa

Insulini ikasowa kwambiri, monga zimakhalira mu shuga wa mtundu woyamba yemwe amagwira kwambiri ana ndi achinyamata, chiwindi chimasandutsa mafuta kukhala ma ketone, omwe amawawasitsa magazi. Wodwala amasanza, m'mimba mumapweteka, amapuma mozama komanso mofulumira, mpweya wake umanunkhira ngati zipatso zoola, kenako amayamba kusinza. Madokotala amati DKA. Mwana wotere amatengedwa ngati wa malungo kapena chibayo ngati palibe amene wafunsa za ludzu, kuonda ndi kukodza pamphasa kumene kunayamba milungu iwiri yapitayo. Kwa amene akudziwa kale matenda awo, choyambitsa chachikulu ndi kusiya kubaya insulini poganiza kuti popeza sakudya, safunikira jakisoni. Zoona zake n'zakuti matenda ngati malungo amatulutsa mahomoni okweza shuga, moti thupi limafuna insulini ngakhale m'mimba muli mopanda kanthu. Mukadwala pitirizani kubaya, imwani madzi pafupipafupi, yezani shuga maola 3 kapena 4 alionse, ndipo ngati mukusanza chilichonse chimene mwamwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mapiritsi a metformin (a shuga) ndi enalapril (a BP) ndi amene amaimitsidwa kaye munthu akamatsekula m'mimba ndi kusanza kwambiri, chifukwa impso zouma sizipirira nawo.

Achikulire a shuga wa mtundu wachiwiri, umene insulini imakhalapo koma sikwanira kapena sigwira bwino ntchito, amakomoka mwa njira ina. Shuga amakwera kwa masiku angapo mpaka kudutsa 30, madzi amatha m'thupi, munthu amayamba kusokonezeka mutu, ndipo kamakina kamangolemba kuti HI. Apa madzi a m'diripi ndi amene amapulumutsa moyo poyamba.

Kutsika kwa shuga kumafuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi kumene achibale amalakwitsa kwambiri. Pansi pa 3.9 shuga watsika. Pansi pa 3.0 ubongo wayamba kuvutika, pakuti susunga chakudya chakechake. Zizindikiro zoyamba zimabwera ndi homoni ya adrenaline: kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, njala yadzaoneni. Kenako ubongo umafooka, lilime limalemera, munthu wofatsa amayamba ndewu, amadzandira, amagwa ngati wakhunyu. Oonera amati waledzera kapena amulodza, n'kumusiya kuti agone.

Metformin payekha sagwetsa shuga kawirikawiri. Amene amagwetsa ndi insulini ndi mapiritsi ena a shuga otchedwa glibenclamide, ndipo zochitika zake zimafanana: munthu wamwa piritsi m'mamawa n'kupita kumunda osadya kanthu, kapena wasala kudya kutchalitchi kapena pa Ramadan osasintha mlingo wa mankhwala, kapena wamwa kachasu m'mimba muli mopanda kanthu. Mowa umatsekereza chiwindi kupanga shuga watsopano, moti munthu akhoza kukomoka m'bandakucha, maola ambiri atasiya kumwa. Kwinini nayenso amagwetsa shuga. Mankhwala a BP monga propranolol ndi atenolol amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima, n'kungosiya thukuta.

Ngati munthu akutha kumeza, mupatseni magalamu 15 a shuga wofulumira: timasupuni 4 ta shuga m'kapu ya madzi, kapena theka la botolo la 300 ml la Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga. Dikirani mphindi 15, yezaninso, bwerezani ngati akadali pansi pa 3.9. Akatsitsimuka adye chakudya chokhalitsa monga phala, mbatata kapena nsima. Ngati wakomoka, musamuthire chakumwa m'kamwa, chidzapita m'mapapo. Mugonekeni chammbali, pakani shuga wonyowa kapena uchi pang'ono mkati mwa tsaya, n'kuthamangira naye kuchipatala kuti akamuike shuga wa mumtsempha. Amene wagwa ndi glibenclamide asafulumire kubwerera kunyumba ngakhale wadzuka n'kumaseka: mankhwalawa amakhalitsa m'thupi ndipo shuga akhoza kugwanso usiku womwewo kapena mawa lake, makamaka kwa agogo ndi amene impso zafooka. Ifeyo timaona kuti glibenclamide kwa munthu wokalamba wokhala yekha, amene sadziwa kuti adya nthawi yanji, ndi woopsa kuposa shuga wa 9.

Palinso misampha iwiri. Amene thupi lake lazolowera 18 kapena 20 amayamba kunjenjemera shuga akafika 6 kapena 7, n'kuganiza kuti mankhwala akumupweteka. Zimenezi zimatha m'milungu yochepa thupi likazolowera. Amene shuga amamugwa pafupipafupi amasiya kumva chenjezo, n'kumangokomoka mwadzidzidzi. Njira yosiyanitsira ndi kuyeza pa nthawi imene mukumva zachilendoyo.

Chifukwa chake ndi maso, impso ndi mapazi

Maselo a minofu ndi mafuta amalowetsa shuga wambiri pokhapokha insulini ikawalola. Maselo okuta mkati mwa timitsempha ta magazi, a m'minyewa ndi ena a mu impso satha kuchepetsa shuga wolowa; akachuluka m'magazi, amachulukanso mkati mwawo. Wina amasanduka sorbitol yemwe amaunjikana m'selo. Wina amamatirira ku mapuloteni n'kuwalimbitsa, mofanana ndi mmene chigumu chimafiirira ndi kuuma kunja kwake pamoto, kungoti m'thupi zimatenga zaka. Makoma a timitsempha amakhuthala koma n'kumachucha, tina timatsekeka, ndipo malo amene timadyetsa amasowa mpweya. Kukula kwa chiwonongekocho kumadalira kutalika kwa nambala ndi kutalika kwa zaka, ndipo BP ndi fodya zimafulumizitsa zonse.

Kafukufuku wa DCCT, yemwe anachitika ku United States ndi Canada pa anthu 1,441 a mtundu woyamba n'kutuluka mu 1993, anayerekeza amene HbA1c yawo inali pafupi ndi 7% ndi amene inali pafupi ndi 9%. Gulu loyambalo linachepetsa kuyamba kwa matenda a maso ndi 76% ndi a minyewa ndi 60%, ngakhale kuti shuga ankawagwa koopsa pafupifupi katatu kuposa anzawo. Ku Britain, kafukufuku wa UKPDS wa 1998 pa odwala a mtundu wachiwiri anaonetsa chinthu chimene odwala ambiri sachilabadira: kutsitsa BP kufika pa 144/82 m'malo mwa 154/87 kunachepetsa sitiroko ndi 44%. Anthu amaloweza nambala ya shuga koma ya BP saidziwa, chonsecho odwala shuga ambiri amafa ndi mtima ndi sitiroko. Mu kafukufuku yemweyo, munthu mmodzi pa atatu alionse anali kale ndi zizindikiro za kuwonongeka kwa maso pa nthawi imene ankauzidwa koyamba kuti ali ndi shuga. Ku Malawi, kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza matendawa mwa 5.6% ya anthu a zaka 25 mpaka 64, ndipo m'makiliniki athu si zachilendo kuti munthu adziwe za shuga wake atabwera ndi bala kapena diso.

M'diso, timitsempha ta kuseri komwe kumalandira kuwala timatupa tinthu tating'ono, timadontha madzi ndi magazi, tina timatsekeka. Diso limamera timitsempha tatsopano tosalimba, ndipo tsiku limene taphulika munthu amaona ngati utsi wakuda kapena ukonde wa kangaude. Mpaka tsikulo akhoza kumawerenga bwinobwino, ndipo sipakhala ululu. Kuwerenga zilembo pakhoma sikokwanira. Pamafunika kudonthezera mankhwala otanula diso kuti dokotala aone kuseri. Wa mtundu wachiwiri ayezedwe atangopezeka, wa mtundu woyamba pasanathe zaka 5, kenako chaka chilichonse, ndipo mayi woyembekezera ayezedwe kumayambiriro chifukwa mimba imafulumizitsa vutoli. Chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Blantyre chimaotcha timitsempha totere ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser. Laser amateteza kuona kumene kwatsala, sabweza kumene kwapita. Ng'ala nayo imabwera msanga kwa odwala shuga, koma imeneyo opaleshoni imachotsa.

Impso zimayamba ndi kugwira ntchito mopitirira, kenako sefa yake imayamba kudonthetsa puloteni yotchedwa albumin. Izi zimaoneka mu mkodzo zaka zambiri munthu asanatupe. Mkodzo wa thovu, kutupa mapazi ndi nkhope, mseru ndi kuyabwa thupi zimabwera mbali yaikulu itawonongeka kale. Chizindikiro china chimanyenga: munthu amene shuga wake wakhala wovuta kwa zaka amayamba kupezeka ndi manambala abwino, mwinanso kumagwa, osasintha kadyedwe. Impso ndi zimene zimachotsa gawo lalikulu la insulini yobaya ndi glibenclamide m'magazi, ndiye zikafooka mankhwala amakhalitsa. Shuga wotsika yekha chonchi amafuna kuyeza creatinine, yemwe amasonyeza m'magazi mmene impso zikugwirira ntchito, osati chikondwerero. Pemphani kuyezedwa mkodzo ndi creatinine kamodzi pachaka. Puloteni ikapezeka, enalapril kapena losartan amachepetsa kuthamanga kwa magazi mkati mwa sefayo ngakhale BP itakhala yosakwera kwambiri. Mayi woyembekezera sayenera kumwa mankhwala awiriwa. Brufen, diclofenac ndi Indocid ogula paokala chifukwa cha msana amamaliza impso zotere mwakachetechete, monganso mankhwala azitsamba osadziwika mlingo. Makina osefa magazi alipo ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna.

Minyewa yoyendetsa ziwalo za mkati nayo imafa. Chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, munthu amachita chizungulire akaimirira, chikhodzodzo sichimaliza mkodzo, abambo mphamvu za kuchipinda zimatha, ndipo mtima ukhoza kudwala popanda ululu wa pachifuwa, n'kungooneka ngati befu ndi thukuta. Bambo amene wayamba kulephera kuchipinda asathamangire gondolosi asanayezetse shuga ndi BP, chifukwa mitsempha ya kumeneko imatsekeka isanatsekeke ya mtima.

Shuga akakwera popanda chifukwa chooneka, musafulumire kuloza chala nsima. Yang'anani ngati pali dzino lowola, matenda a mkodzo kapena bala. Ngati mwamwa prednisolone kapena dexamethasone, omwe amakweza shuga. Ngati muli pa mankhwala a TB, pakuti rifampicin amafooketsa glibenclamide. Amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir auze onse awiri, a kukiliniki ya ARV ndi a shuga, chifukwa mankhwalawa amakweza mlingo wa metformin m'magazi ndipo ena amanenepa nawo. Insulini yosatsegula imasungidwa pa 2 mpaka 8 °C ndipo ikaundana yawonongeka. Yotsegula imakhala yabwino pafupifupi milungu 4 pamalo ozizira, ndipo kumene kulibe firiji, mtsuko wadothi wa mchenga wonyowa woikidwa pamthunzi umathandiza. Kubaya malo amodzimodzi kumapanga chotupa cha mafuta chosapweteka, chimene anthu amachikonda chifukwa singano simveka, koma insulini yobayidwa pamenepo imalowa mosadalirika.

Phazi

Minyewa yaitali kwambiri ndi imene imayamba kufa, n'chifukwa chake vuto limayambira kuzala za kumapazi onse awiri n'kumakwera. Ena amamva kutentha ngati moto kapena kulasalasa usiku, ndipo amitriptyline amathandiza kuti agone. Ena amangomva dzanzi, ngati avala sokosi. Owawidwawo amabwera kuchipatala; adzanziwo ndi amene amadulidwa mwendo, chifukwa ululu umene ukanawachenjeza kulibe.

Bala limapangidwa ndi zinthu zitatu pamodzi. Phazi silimva. Timinofu take tafooka, zala zapindika, kulemera konse kwagwera pansi pa mafupa a kutsogolo, pamene pamamera chikundu. Khungu lasiya kutuluka thukuta, lauma, zidendene zang'aluka. Pansi pa chikunducho mnofu umaphwanyika n'kukha magazi, ndipo kadontho kakuda mkati mwa chikundu ndi bala lomwe silinatseguke. Mitsempha ya magazi ikakhalanso yotsekeka, zomwe zimaoneka ndi phazi lozizira, kusowa kwa kugunda pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, ndi kupweteka kwa katumba poyenda komwe kumatha mukaima, balalo silipeza magazi opoletsera.

Zoyambitsa zake n'zazing'ono: kamwala mu nsapato, nsapato yatsopano yovalidwa tsiku lonse paukwati, lamba wa patapata pakati pa zala, minga kumunda, matekenya otokosoledwa ndi phini, lezala podula chikundu, makoswe oluma zala usiku. M'miyezi ya June ndi July anthu amapsa powotha moto kapena mbaula mapazi ali pafupi, osamva kanthu mpaka ataona matuza. Madzi osamba ayesedwe ndi chigongono, osati ndi phazi.

Kuchipatala amayesa ndi kaulusi ka nayiloni kopinda pa magalamu 10. Kunyumba wachibale akhoza kuchita zofanana nazo: wodwala atseke maso, winayo akhudze pang'ono ndi nsonga ya chala chake, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, kunsonga kwa chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono cha phazi lililonse, osakanikiza. Ngati pa zala 6 zimenezi ziwiri kapena kuposa sizinamveke, phazilo lili pangozi. Kuyambira pamenepo mapazi aziyang'anidwa madzulo alionse, pansi pake ndi pakati pa zala, ndi kalilole kapena ndi maso a wina ngati anu safika. Pukutani bwino pakati pa zala mukasamba, pakani Vaseline kuzidendene koma osati pakati pa zala, wengani zikhadabo mowongoka, gwedezani nsapato ndi kupisamo dzanja musanavale, ndipo musayende opanda nsapato ngakhale pakhonde. Nsapato mugule madzulo mapazi atatupirako.

Bala likaoneka, ngakhale laling'ono ngati njere ya chimanga, litsukeni ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, phimbani ndi nsalu yoyera, n'kupita kuchipatala pasanathe tsiku limodzi. Musathire ufa wa makapisozi, phulusa kapena mankhwala otsukira mano, ndipo musaviike phazi m'madzi. Kufiira kofalikira, fungo, chala chakuda, kutentha thupi kapena shuga wokwera mwadzidzidzi zikutanthauza kugonekedwa. Phazi lotupa, lofiira ndi lotentha kuposa linzake koma lopanda bala komanso losapweteka kwenikweni likhoza kukhala mafupa akusweka mkati, zomwe amati Charcot, ndipo limafuna pulasitala ndi kusapondedwa kwa miyezi. Pa bala la pansi pa phazi, mankhwala opha tizilombo ndi mabandeji sizikwanira ngati munthu akupitiriza kuliponda. Pamafunika ndodo, nsapato yochotsa kulemera pamalo a balalo kapena pulasitala, ndiponso wina wogwira ntchito za pakhomo mpaka khungu litatsekeka.